Dzina Langa pa Tsala la Apongozi

Anthu kuno amachitchula chaka cha ng'amba, chaka chija mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula. Ine ndimachitchula chaka cha mapu. Wofuna kutsutsa abwere, pakhomo panga siposowa: mukachoka pa Mitundu n'kutsetserekera kumadambo, nyumba ya malata yoyandikana ndi chigafa chopendekeka. Mukasokera ingoimani mutchere khutu, mundimva.

Ndine Lufeyo Mbewe. Kwathu ndi ku Nathenje, kuno ndinadzakwatira. Zaka makumi anayi ndi mphambu ndili pa chikamwini, ndipo m'dera lino mulibe mkamwini amene anatha makasu ambiri kuposa ine, funsani. Sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma dzina langa ndimalemba ndekha, chala sindidinda. Mawu amenewa asungeni, chifukwa ndi amene anandipalamulira.

Okutobala

Dzuwa likuswa mtengo, alangizi athu a zaulimi, mayi Kachingwe, anatiitanira pabwalo la sukulu. Anafika pa njinga yamoto, m'chikwama atatenga chifoni chophwatalala ngati sileti imene tinkalembapo kale.

"Makolo anga," anatero, "kumwambaku kuli makina otchedwa setilaiti. Amazungulira dziko akujambula minda. Akatswiri asonkhanitsa zithunzi za zaka zingapo, aona pamene nthaka imasunga chinyezi, pamene madzi amangothamanga, ndi pamene amadikha. Ndiye apaka mitundu pa mapu. Pofiira musadzivute. Pachikasu n'poyesa mwayi. Pobiriwira ndi poyenera zipatso ndi zokometsera chakudya: mapeyala, malalanje, jinja, tsabola."

Ndinaimirira. Pamsonkhano ine sindikweza dzanja, ndimakweza mawu.

"Mayi, inu munabadwa ine nditathyola kale mipini khumi. Chinthu choti sichinapondepo pansi chindiuze ine za nthaka? Chinalawapo dothi chimenecho?"

Anthu anaseka. Alangizi nawo anaseka, si munthu wopsa mtima msanga.

"Agogo, tiyeni tichiyese. Bwerani muone kwanu."

Anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula. Abale anga, ndinaona denga langa! Ndinaona khola la mbuzi, kanjira ka kuchitsime ngati ulusi, ndi chigafa changa chija. Ndinachita nacho manyazi chigafacho, kuti mpaka kumwamba akudziwa zoti n'chopendekeka.

Munda wanga wa chimanga, umene ndinkaunyadira pamowa, unali wachikasu. Koma kumunsi, kuseri kwa chulu chachikulu, kunali kachigawo kobiriwira ngati tsamba la nthochi.

"Apa ndi pati?" anafunsa alangizi.

Panali pa tsala la apongozi anga, mayi awo a Nabanda, mkazi wanga. Iwo atamwalira mundawo unatsalira a Nabanda, koma tinausiya. Uli patali, nansongole anali atadzaza, ndipo chimanga pamenepo chinkangotalika n'kugwa.

"Apo ndimadziwa kale!" ndinatero. "Udzu wa pamenepo suuma ngakhale mwezi uno. Mbuzi zonse zam'mudzi zimathawira konko."

Sindinaname. Kungoti mbuzi zinandiposa nzeru, pakuti zaka zonsezo ine ndinkangoona osaganiza.

Alangizi anati mapu paokha sakwanira, mpaka khasu livomereze. M'mawa mwake tinapita konko. Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno: dothi lofiirira, lofewa, lopanda mwala ngakhale umodzi, pansi pake pozizira ngati m'mtsuko. Mayi aja anatapa dothi lina m'kajumbo, kenako tinazungulira malire, iwo akuima pangodya iliyonse n'kudina foni.

"Tilembe dzina la yani?"

A Nabanda tsiku limenelo anali ku maliro ku Malingunde.

"Wakumba dzenjeli ndani?" ndinatero. "Bweretsani cholembera."

Anzanga ena amene minda yawo inabiriwira anadinda chala. Ine ndinalemba pang'onopang'ono kuti aliyense aone, chilembo choyamba chachitali ngati mpini.

Novembala

Mphekesera zinagwa mvula isanagwe. Ena amati makina aja akuwerenga minda kuti mabwana a m'tauni adzalande. Ena amati ndi amene akumabalalitsa mitambo. Mayi wina wa kuseri kwathu anafolera bafa lake ndi masaka, akuti sangamasambe akujambulidwa. Mwa khamu lonse lija la pasukulu, amene tinalimba mtima sitinadzaze ngakhale benchi ziwiri. Otsalawo anabwerera ku chimanga ndi fodya, n'kumadikira maina a feteleza wotsika mtengo. Ena maina anatuluka, ena anangotha nsapato.

Ine ndi a Nabanda tinalimbana ndi nansongole masabata atatu, m'manja mwathu munang'ambika ngati dambo louma. Nazale ya tsabola tinafesa kudimba. Tonde wanga ndinamugulitsa kuti ndigule mbewu ya jinja, timizu topindikapindika. A Nabanda atamasula thumba anagwira pakamwa.

"A Mbewe, mbuzi yathunthu mwasinthanitsa ndi zala za nkhalamba?"

"Zala zimenezi zidzakuvekani chitenje, dikirani."

Ndinakumba maenje makumi awiri, akuya ndi otambalala monga anatiphunzitsira, n'kuthiramo manyowa a m'khola. Chimanga kumunda wa kumtunda tinakonzekeranso monga mwa chaka chilichonse. Sindine wamisala kuti ndisiye chimanga chifukwa cha chithunzi.

Disembala

Mvula inayamba bwino, moti anthu amayenda akuimba. Tinabzala chimanga, tinakwirira jinja m'mabedi n'kuphimbira ndi udzu, tinawokera tsabola. A Nabanda anaponya nthanga za maungu ndi khobwe m'mbali mwa tsala lija.

Kenako inafika lole ya mbande. Ine ndinalandira makumi awiri, za mapeyala omezanitsa, m'machubu akuda. Anandipatsanso pepala lokutidwa ndi pulasitiki: mapu a tsala lija, chulu chikuoneka bwinobwino, ndipo pamwamba pake, m'zilembo za makina, Lufeyo Mbewe.

Munthu wanzeru akanaliika pansi pa sutikesi. Ine ndinapita nalo pa Mitundu tsiku la msika, pamene timasewera bawo kuseri kwa ogulitsa nyama. Linayenda dzanja ndi dzanja mpaka linafika kwa alamu anga a Lekeleni, achimwene awo a Nabanda. Iwowa ndiwo mwinimbumba, woyang'anira alongo awo, ana awo ndi minda yawo. Ndi munthu wochepa thupi, wa mawu aang'ono, amene anagwira umesenjala m'tauni zaka zambiri, ndipo amawerenga ngakhale timalemba ta pa botolo la mankhwala. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Alamu, ndikupezani kunyumba."

M'mawa mwake anafika. Mpando anaukana, anakhala pakhonde. A Nabanda anali chapatali akuswa mtedza.

"Alamu," anayamba, "munda wa mayi anga unasamukira liti ku Nathenje?"

"Wasamuka bwanji? Suli pompaja?"

"Pepala likuti ndi wa Mbewe. Kuno kulibe Mbewe amene anagawiridwapo malo."

"Nansongole wazula ndani? Maenje wakumba ndani? Inu munali kuti?"

"Ndinali pompano, ndikuyamika. Mkamwini amalima, amadya, amakhuta, palibe womuletsa. Tsabola bzalani, jinja bzalani, zimenezo chaka chikatha zachoka. Koma mtengo ayi. Mtengo umatsala woubzala atapita. Inu mukadzatisiya, abale anu a ku Nathenje adzafika pepala kumanja, chala chikuloza mitengo. Ana a mlongo wanga adzayankha chiyani?"

"Ana a mlongo wanuwo si ana anga?"

"Pobereka ndi anu. Pa nthaka ndi anga."

Apo ndinatsegula kukhosi. Nkhuku zinathawa, agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Ndinawawerengera zonse: denga limene ndinawafolera, ng'ombe imene ndinawabwezera itaba m'dimba la eni, manda a apongozi amene ndinakumba nawo. A Lekeleni anangodikira ngati munthu wobisala mvula pakhonde. Nditapuma anati:

"Zonsezo n'zoona. Koma mtengo umodzi ukalowa m'dzenje, alamu, mutenge khasu lanu ndi bulangete. Njira ya ku Nathenje mukuidziwa."

Ndinacheukira kwa a Nabanda kuti anenepo. Iwo maso ali pa lichero, mtedza ukulira thwa, thwa. Zaka makumi anayi pakhomo limodzi, osatukula ngakhale mutu.

Januwale

Ndinati chabwino, ndikabzala kwathu, kumene palibe wondiloza chala. Ndinamangirira madengu awiri pa njinga, mbande khumi uku, khumi uku. Podutsa pa Mitundu ndinalowa mu ofesi ya alangizi kuti andionetse munda wa mlongo wanga ku Nathenje. Anaufufuza pafoni paja mpaka anaupeza. Unali wofiira ngati chilonda.

"Agogo, pamenepo dothi n'losaya, pansi pali lubwe. Mizu ya peyala sidutsa. Vuto ndi chiyani kodi ku tsala kuja?"

"Za pabanja, mayi. Ndipo makina anuwo kwathu sakudziwako, ine ndinabadwira konko."

Ulendo unali wokankha kuposa wopalasa. Ndinafika dzuwa litapendeka. Mlongo wanga a Nambewe, amene amuna awo a Jailosi anamwalira kale, anandilandira bwino. Ku Nathenje ine ndine mwinimbumba. Ndikafika anthu amanyamuka pamipando, nkhuku imafa. Mtima unakhala pansi.

M'mawa ndinalowa m'munda. Dzenje loyamba, ndisanafike ngakhale m'chigongono, khasu linalira ngwee, moto n'kuthetheka. Ndinasuntha. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, lachinayi, mpaka lachisanu ndi chiwiri, mwala wokhawokha wofiira wolimba ngati simenti. A Nambewe anali atakhala pamzere akundionerera, ine ndikukumba uku ndikufotokoza za mwano wa a Lekeleni, mokweza kuti ndi a minda yoyandikana amve.

Nditatha a Nambewe anati: "Achimwene, mukukumbukira bulugama wa malemu a Jailosi?"

Ndinaimika khasu.

"Mbande zija ananyamula pamutu kuchokera kutali, n'kubzala m'malire monsemu. Bulugama pano akanamera, sasankha dothi. Inu munamva, munabwera pa njinga yomweyi. Munati chiyani tsiku lija?"

Ndinawerama n'kuyamba kutola timiyala m'dzenje.

"Munati mkamwini ndi mlendo, mlendo sabzala mtengo. Mawu anu anamveka mpaka kumsewu wa tala. Munawaimirira pamsana mpaka anazula yonse ndi manja awo. Taonani m'maliremo, achimwene, muli chiyani? Ine lero ndimaphikira mapesi ndi zitsononkho."

"Zija zinali zina."

"Zinali zomwezi. A Lekeleni akuyankhulani ndi pakamwa panu pomwe."

Ndinanyamula khasu n'kutuluka m'munda. Ndinakhalako masiku anayi ndikukonza mpanda umene sunali wothyoka. Masiku omwewo kumwamba kunayera mbee, mphepo inasintha, mvula inadula. Lachisanu ndinamangiriranso madengu n'kubwerera ku Mitundu. Mbande ndinaziika kuseri kwa bafa, pamthunzi, masamba ena atapserera ndi mphepo ya m'njira. A Nabanda anandipatsa madzi osamba osandifunsa kanthu.

Febuluwale

Mwezi umenewu sindifuna kuukometsera. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. China chinamasula ngayaye chili m'mawondo, chopanda mwana kumsana. Fodya anachita maluwa asanatalike. M'mawa uliwonse anthu amatuluka n'kuyang'ana kumwamba ngati akuyembekeza basi.

Pa msika wa Mitundu mavenda amasintha mtengo wa chimanga kawiri patsiku. Ndalama imene mu Novembala inkagula thumba, tsopano inkagula ndowa, ndowa yake yophwanyidwa pansi kuti ichepe. Anthu anasiya kugula pa ndowa n'kuyamba pa kambale. Madeya, amene timapatsa nkhumba, anakwera pampando. Mbuzi zinatsika mtengo chifukwa aliyense amagulitsa, ogula palibe. Anyamata okwatira kumene anathawira m'tauni kukasaka maganyu, ena mpaka lero sanabwerere. Chimanga cha thandizo chinabwera, koma thumba limodzi amagawana makomo atatu, ndipo dzina lathu silinatuluke, akuti tili ndi malata. Malata amadyedwa? Tinkadya kamodzi patsiku. Lamba wanga ndinamubowola ndi msomali kawiri. Mawu okha ndi amene sanaonde.

Mphekesera ija inabweranso ndi mano. Akuti setilaiti ya a Mbewe yamwa mitambo. Ndinawayankha pachitsime kuti ikanakhala yanga ndikanaituma ikagwetse mvula pamunda panga pokha, iwo aone.

Koma kuseri kwa chulu kunali dziko lina. Ukafukula udzu wophimbira uja, dothi lili lozizira, lonyowa m'manja. Tsabola anachita maluwa oyera, jinja anatukula masamba ngati bango laling'ono. Maungu a a Nabanda anayanga mpaka m'maenje anga opanda kanthu aja. Nkhwani, chitambe, kenako maungu anthete: ndi zimene zinatigwira m'mimba. Tsiku lililonse a Nabanda amadzaza beseni lina n'kupita nalo kwa a Lekeleni, kumene kunali pakamwa pasanu ndi pawiri ndipo chimanga chinali chitapsa chonse.

Tsiku lina masana ndinawapeza a Nabanda kuseri kwa bafa akuthira m'machubu madzi otsukira mbale. Ndinawerenga mbande zamoyo: khumi ndi zinayi. Masabata onsewo ine ndinkapadutsa ndikuyang'ana kumbali.

"Mukuthiriranji, poti muli mbali ya achimwene anu? Amene akudya maungu a m'munda mwa Mbewe osachita manyazi?"

Anaika chitini pansi.

"A Mbewe, takhalani apo."

Ndinakhala pa njerwa.

"Mitengoyi ndikuifuna kuposa inu. Mano anga atha, peyala ndi lofewa. Koma tandiuzani, inu mukafika pakhomo pa munthu mumatani?"

"Ndimaodira."

"Nanga m'munda mwa mayi anga munaodira? Ndinapita kukalira maliro masiku awiri okha, pobwera ndapeza dzina lanu litakhala kale pampando. Ndamva kwa anthu a kumsika, a Mbewe, ngati nkhani ya eni. Achimwene anakuuzani za mwambo. Ine ndikukuuzani zanga. Simunandifunse."

"Ndikanakufunsani mukanakana?"

"Ayi. N'chifukwa chake zikundiwawa."

Anatola chitini chawo n'kupitiriza kuthirira. Ine ndinatsala pa njerwa paja mpaka mthunzi unandichokera.

Malichi

Mitambo inabwerera mwezi utayamba, mvula inagwa masiku atatu osalekeza. Kwa chimanga inali mvula ya pamaliro, koma maenje anga anamwa n'kukhuta. Alangizi anali atatichenjeza kuti mwezi umenewu ukadutsa mbande zisanalowe pansi, tiiwale.

Ndinavala malaya a kutchalitchi n'kupita kwa a Lekeleni. Ndinaima kubwalo.

"Odi kuno!"

Ndinawapeza akusoka thumba, khosi litatalika ndi njala.

"Odini, alamu. Takumvani musanatuluke m'nyumba mwanu."

"Valani jekete. Tikupita ku ofesi."

"Mukukandimangitsa?"

"Mukawerenge. Si inu mumaona timalemba tating'ono?"

Tinayenda atatu, ine patsogolo, a Nabanda pakati, a Lekeleni pambuyo akupumira m'mwamba. Mu ofesi ndinayankhula ndine, ndipo ndinayankhula zoona: kuti munda si wanga, ndi wa mayi awa, unachokera kwa mayi awo, ndipo dzina langa linalowamo mothamanga.

Mayi Kachingwe anayesa kutitonthoza. "Komatu pepala ili si la umwini wa malo. Ndi longodziwira amene walandira mbande."

"Mayi," anatero a Lekeleni, "inu mudzasamutsidwa, ife tidzafa, pepala lidzatsala. Adzalifotokozere ndani?"

Alangizi anagwedeza mutu. Anati nawonso analakwa, chifukwa ankafunsa amene wabwera ndi khasu, ndipo obwera ndi khasu anali amuna okhaokha. Anatsegula buku lawo n'kuwerenga maina a anzanga aja. Oposa theka tinali akamwini. Ndiye musamati wopusa ndinali ndekha, ine ndinangoyamba kugwidwa chifukwa chofuula.

Anafufuta pafoni paja n'kulemba Elube Banda. A Lekeleni anawerenga chilembo chimodzichimodzi, kawiri. A Nabanda anadinda chala, n'kuchiyang'ana chili buluu, n'kumwetulira koyamba chiyambire Disembala.

"Pakufunika mboni," anatero alangizi.

"Bweretsani cholembera!"

"Alamu," anatero a Lekeleni, "lembani laling'ono, lingalowenso m'munda."

Tinaseka tonse mpaka mlonda anasuzumira pazenera. Ndinalemba pansi penipeni, koma laling'ono sindinathe. Dzanja langa silidziwa kunong'ona.

M'mawa mwake tinabzala. A Nabanda amang'amba chubu, n'kunyamula mbande ndi manja awo, n'kuikhazika m'dzenje. A Lekeleni amakwirira ndi kupondaponda. Ine ndimasenza madzi ndi kulamula, poti maphunziro anali m'mutu mwanga: "Pomezanitsapo pakhale pamwamba pa dothi! Musapakwirire, alamu, mukupha mtengo wa mlongo wanu!" Khumi ndi zinayi zonse zinalowa dzuwa lisanafike paliwombo. Ndipo lembani: ine Lufeyo Mbewe sindinabzale mtengo ngakhale umodzi pa nthaka ya eni. Wonena kuti ndinaswa mwambo ndi wabodza.

Epulo ndi Meyi

Tsabola anapsa, tsala lonse psuu. Kuthyola tsabola si masewera. Zala zimayaka mpaka madzulo, ndipo ukaiwala n'kudzikanda m'maso umavina wopanda ng'oma. Tinathyola ndi akazi awo a Lekeleni ndi amayi ena awiri amene tinkawapatsa maungu ndi khobwe. Tinkayanika pa mphasa, aliyense wodutsa pakhomo amayetsemula asanapereke moni.

Kumunda wa kumtunda, kumene zaka zabwino ngolo inkapita kanayi, tinakolola ngolo imodzi yosadzaza, zitsononkho zake ngati zala. Nkhokwe zambiri m'mudzi chaka chimenecho sanazimate n'komwe. Koma ogula tsabola anafika pa Mitundu ndi masikelo awo, ndipo ine ndinaima pafupi ndi sikelo, diso pa muvi, pakamwa posatseka. Venda wina anati, "Madala, mukundithamangitsira makasitomala." Ndinati ndikuthamangitsa akuba okha. Zimene tinapeza tinagulira chimanga nthawi yomweyo chisanakwerenso, matumba ena kwathu, ena kwa a Lekeleni. Ogawa anali a Nabanda. Ine ndinangonyamula.

Mayi uja wofolera bafa anabwera madzulo ena akuzungulirazungulira nkhani, mapeto ake anafunsa ngati ndingamuperekeze kwa alangizi akaone mtundu wa munda wake. Ndinamuuza kuti achotse kaye masaka, makina amuzindikire.

Ogasiti

Masamba a jinja atauma tinafukula. Pamene tinakwirira chala chimodzi panatuluka chikhatho chathunthu. Fungo lake linafika kunjira. Wina anagula bambo wachisilamu wa golosale pa Mitundu, wina anatenga amayi ogulitsa m'misika ya m'tauni, wina tinasunga wa mbewu. Tonde wanga anabwerera m'khola ndi mkazi wake. Chitenje chija ndinagula, ndipo a Nabanda anati n'chabwino koma chikununkha zala za nkhalamba.

Chilimwe chonsecho ndinasenza madzi kuchokera kudambo, zitini ziwiri paulendo, mtengo uliwonse kawiri pa sabata. Umodzi unadyedwa ndi mbuzi, ya a Lekeleni, ndipo nkhani imeneyo sinathe mpaka lero. Inatsala khumi ndi itatu.

Dzinja ladutsa kanayi chichokereni chaka chimenecho. Ku Nathenje ndinapitako, ndinaitana mkamwini wa a Nambewe n'kumuuza kuti akumbe maenje a bulugama m'malire monse muja, mkazi wake ndi amene aziika mbande. A Nambewe anandiphera nkhuku yaikulu kuposa ya masiku onse.

Mwezi wathawu mayi Kachingwe anandionetsa chithunzi chatsopano cha kumwamba. Kuseri kwa chulu kuli timadontho tobiriwira, mizere itatu, pamodzi pali mpata pamene panadya mbuzi.

"Makina anuwa amaona mitengo," ndinatero. "Nanga amaona amene anakumba maenje?"

"Ayi, agogo, zimenezo saona."

N'chifukwa chake ndinagula kope ili kuti ndilembemo ndekha, ndipo landitengera miyezi iwiri ndi zolembera zitatu.

Mapeyala oyamba anakhwima chaka chino. Tsiku lokathyola a Nabanda analawirira ndi dengu, ine ndinatsatira pambuyo ndi ndodo yokolera. Nditafika pa chulu ndinaima. Ndinawaona ali pansi pa mtengo wa pangodya, akuyang'ana m'mwamba, dzanja pachipumi. Ndinakoka mpweya wonse umene Mulungu anandipatsa.

"Odi kumunda kuno!"

Mbalame zinabalalika m'dambo monse. A Nabanda sanatembenuke msanga. Anathyola peyala limodzi, analipukuta pa chitenje, kenako anandiyang'ana.

"Lowani, a Mbewe. Mitengo ndi yanga, koma maenje ndi anu."

Ndinalowa.